Majezi Onyowa a Amisiri

Kamphepo ndi mtsikana waliwiro. Amakonda timu ya Amisiri. Lero akufuna chinthu chimodzi chokha. Akufuna Amisiri apambane.

Timuyi inayamba kalekale. Inayambira pa kabwalo ka fumbi. Nsapato panalibe. Majezi panalibe. Koma timu inakula. Inatenga chikho cha m'tauni. Inatenganso chikho cha chigawo. Ikapambana lero, ilowa mu ligi yaikulu.

Osewera ake ndi anthu apantchito. M'mawa amagwira ntchito. Masana amamenya mpira. Abambo a Kamphepo amaphika buledi. Pabwalo, iwo ndi goloboyi. Amayi ndiwo amachapa majezi.

Koma mvula nayo ilibe ulemu! Yagwa m'mawa wonse. Majezi ali pachingwe. Akudontha madzi, tho, tho, tho!

"Mayo ine!" akutero Amayi. "Majezi ena tilibe. Kunjaku kwazizira. Akavala onyowa, azingonjenjemera. Athamanga bwanji?"

Kamphepo akuyang'ana majeziwo. "Amayi, ndipatseni beseni," akutero.

Kamphepo wasenza beseni la majezi. Akuthamanga, akuthamanga. Wafika kwa a Telala. A Telala ndi omwetsa zigoli.

"A Telala, majezi anyowa!"

"Haa, tapsa! Bwera nawo kuno, mwanawe!"

A Telala agwira simbi. Fyii, fyii! Nthunzi ikukwera. Koma simbi ndi imodzi, majezi ndi ambiri.

Kamphepo watenga otsala. Akuthamanga, akuthamanga. Wafika kwa a Ometa. A Ometa amatchinga kumbuyo.

"A Ometa, majezi anyowa!"

"Bwera nawo kuno, mwanawe!"

A Ometa ayatsa makina oumitsira tsitsi. Vuu, vuu! Munthu wina ali pampando, wametedwa mbali imodzi. "Nanga ine?" akufunsa.

"Inu gwirani jezi!" akutero a Ometa.

Kubwalo ng'oma zayamba kulira. Anthu akudzaza mumsewu. Majezi ena onse auma. Latsala limodzi, la Abambo. Ndi lochindikala. Lili ndi manja aatali. Simbi yalephera. Makina alephera.

Kamphepo akufuna kulira. Miyendo ikuwawa. Koma akuthamanga, akuthamanga. Wafika kophikira buledi.

"Abambo, lanu lokha lakana kuuma!"

Abambo apukuta ufa m'manja. Ayang'ana jezi. Ayang'ana uvuni. Kamphepo wayanika jezi pampando, pafupi ndi uvuni.

"Usachotsepo maso, mwanangu. Lingapse."

Kamphepo akulitembenuza. Akulitembenuzanso. Kubwalo wezulo yalira, pyee! Woyimbira mpira akuitana matimu.

"Abambo, lauma!"

"Tiye!"

Athamanga onse awiri. Pachipata a Telala akukuwa, "Goloboyi ali kuti?"

"Ndi awa!" akutero Kamphepo.

Abambo avala jezi lofunda. Alowa m'bwalo.

Mpira ndi wovuta. A Telala amwetsa chigoli chimodzi. Kenako, eee, penate ya timu inayo! Kamphepo wagwira dzanja la Amayi.

Mpira wamenyedwa. Abambo audumphira. Gwi! Augwira!

Wezulo yomaliza yalira. Amisiri alowa mu ligi yaikulu! Amayi akululutira. Abambo anyamula Kamphepo m'mwamba.

"Wagwira ntchito, mwanangu."

Kamphepo wabisa nkhope m'jezi. Akuseka.

"Abambo, mukununkhira buledi!"

"Nanunso a Kamphepo mwamva njala eti?" akutero Amayi. "Tiyeni kunyumba tikadye."