Thumba Loyamba la Mchere

Umphawi wa Masautso unali wosachita kufunsa. Zaka zisanu akugwira ntchito pa sitolo ya Mmwenye wina pa Namitete, koma kabudula yemweyo, wa zigamba kumbuyo. Ntchito yake inali kutsitsa katundu pa lole, kumusanja m'chipinda chosungira, ndi kudzaza m'mashelefu nsalu kapena sopo akatha. Chimene chinkamudya mumtima anali Paulo, kapitawo wawo. Munthu anayamba naye limodzi, lero makiyi m'chiuno, chipewa kumutu, ntchito n'kuloza ndi chala basi!

Lamulungu lina, anzake ali ku Misa, iye anauyatsa ulendo wa ku Kabudula kwa sing'anga wina wokhwimitsa anthu.

"Ukufuna makiyi, eti?" anatero sing'angayo Masautso asanakhale n'komwe. "Kodi lole ya mchere imabwera kangati?"

"Kamodzi pa chaka, nyengo yogula fodya."

"Chabwino. Thumba loyamba kutsika, amene alisenze ndi wanga. Woloza ndi iwe. Pakasowa wosenza, usenze wekha."

"Wanu m'njira yanji, ambuye?"

"Ukagulitsa mbuzi umafunsa kuti akukaitani?"

Masautso analandira kansupa kakuda, kamene anakabisa pansi pa matumba kusitolo kuja.

Mwezi usanathe, chiswe chinadya mabelo a nsalu. Paulo anachotsedwa ntchito, makiyi n'kugwera Masautso. Ndiye chuma chake! Njinga, ng'ombe, nyumba ya malata. Kumudzi ankangonong'onezana kuti ukapitawo wokha sungatero.

Lole ya mchere itafika, Masautso analoza Clement, bambo wa ana atatu. Patapita masiku awiri Clement anagwa ndi khosi. Ali pamphasa ankangolira kuti, "Ndituleni! Ndituleni katunduyu!" chonsecho kumutu kulibe kanthu. Anamuika Loweruka. Chaka chotsatira analoza Anthony, kulira kwake komweko, imfa yake yomweyo. Kumaliro konse Masautso ankapereka nsalu yoyera, anthu n'kumamuyamika. Zomvetsa chisoni zedi.

Koma anthu si ana. Chaka chachitatu lole itaima m'mamawa, antchito onse asanu anangoima manja kumbuyo.

"Iwe, tsitsa thumba!" anakalipa Masautso.

"Yambani ndinu, akapitawo," anayankha mmodzi. "Lachiwirilo tisenza ife."

Analoza wina, n'chimodzimodzi. Dalaivala anali akuimba belu, anthu ogulitsa fodya ataunjikana kudzaonera. Mwini sitolo anatuluka atakwiya, nati ngati antchito sakumumvera, abweze makiyi pompo.

Pagulupo panali a Raphael, atsibweni ake a Masautso, amene anamulera mayi ake atamwalira. Anali atagulitsa kafodya kawo ndipo anadzera pa sitolo kudzagula khasu. Ataona mphwawo akuchita manyazi pamaso pa anthu, mtima unawapweteka.

"Anyamata inu, ulesi bwanji?" anatero akuvula malaya. "Mukuti tsobola wakale sawawa? Ine ndinali mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani. Kathumba aka n'kachiyani?"

Nthawi inalipo, abale. Mkuluyo anayamba wapinda malaya aja kukhala nkhata, pang'onopang'ono. Masautso akanatha kuwagwira mkono. Akanatha kuwerama n'kusenza yekha, monga anapanganirana ndi sing'anga uja. Anatsegula pakamwa, nagwira makiyi m'chiuno, n'kutsekanso pakamwa paja.

A Raphael analowa nalo thumba m'chipinda, natuluka akupuma wefuwefu, akumwetulira. "Ntchito yako isathe, mwana wa mlongo wanga," anamunong'oneza.

Tsiku lachitatu Masautso anamuitanitsa kumudzi. Anapeza mkuluyo ali gone, khosi litauma gwa, akubuula: "Masautso, nditule. Ndiwe ndinakulera, nditule." Masautso anagwada, napapasa pamutu pa imvi paja, osapeza choti atule. Anapapasabe mpaka mkuluyo atazizira.

Kumanda Masautso sanafikeko. Anamupeza pamsewu atasenza thumba la mchenga, ndipo kuyambira pamenepo sanalitulenso. Ng'ombe zinatha ndi matenda, nyumba inasanduka bwinja. Anayenda nalo zaka zinayi, kuchoka pa Namitete kufika pa Mpingu n'kubwerera, khosi lili zilonda zokhazokha. Wina akafuna kumutula ankaluma ngati galu. Anafera m'ngalande, thumba lili pamutu.

Dyera ndi loipa, anthuni. Chuma cha mankhwala chimayamba kudya anthu a eni, koma sichikhuta mpaka chitadya wako amene anakulera. Kuli bwino kuvala zigamba abale ako ali moyo.