Kalata Imene Jerome Adalemba m'Chingerezi

Rozina adakumana ndi Jerome pa siteji ya basi ku Bertrams m'chaka cha 1991. Mvula inkagwa, ndipo mtsikanayo ankadandaula yekha m'Chichewa. Mwamunayo adamuyandikira ndi ambulera.

"Wakwathu kuno ku Joni? Duwa ngati iwe linyowe ine ndilipo?"

Rozina ankagwira ntchito ya m'nyumba, Jerome ankaperekera zakudya ku hotela. Chikondi chidayaka msanga. Jerome ankakonda kumulembera makalata m'Chingerezi, koma lonjezo lalikulu adalinena pakamwa: "Dali wanga, Disembala uno ndikuveka mphete."

Mu Novembala kudabwera kalata yaifupi. Rozina, amene Chingerezi ankachidziwa pang'ono chabe, atangoona mawu akuti "marry you", adathamangira kwa a Consolata, amayi a kutchalitchi amene kale ankaphunzitsa sukulu ku Dedza.

"Amayi, tawerengani! Zatheka!"

A Consolata adawerenga mokweza: "I was going to marry you in December." Kenaka adavula magalasi.

"Mwanangu, akadalemba kuti 'I am going to', bwenzi tikululuta. Koma 'was going to' ndiye kuti ankaganiza kuti adzakukwatira. Maganizowo adali a kale, lero palibe."

"Mwina walakwitsa! Kamawu kamodzi kokha, amayi?"

"Mwina. Kamufunse."

Masiku atatu Rozina sadakhazikike. Adapsereza malaya a abwana ndi simbi, tiyi adathiramo mchere. Kodi munthu wolankhula ndi azungu tsiku ndi tsiku angalakwitse chotere? Nanga ngati sadalakwitse?

Lachinayi, tsiku lake lopuma, adakwera takisi ya ku Alexandra. Pakhomo pa kachipinda ka Jerome adapeza mayi akuyanika zovala, mwana ali kumsana.

"Odi! Ndimafuna a Jerome."

"Bambo a Julius? Alimo. Ine ndine Esitere, mkazi wawo. Ndafika sabata yatha kuchokera ku Ntcheu."

Jerome adatuluka, nkuuma pakhomo pomwepo.

"Rozi..."

"Ndili ndi funso limodzi basi. M'kalata muja, mudalakwitsa kalembedwe?"

"Ayi. Sindidalakwitse."

"Nanga bwanji simudalembe m'Chichewa?"

Jerome adayang'ana pansi. "Ndinkaopa kuti umva msanga."

Esitere adasiya kuyanika, akuyang'ana mwamuna wake. Rozina adamutsanzika mayiyo mwaulemu, nkumugwira mwanayo kaphazi. Adayenda chowongoka mpaka pamsewu. Misozi idayamba takisi itanyamuka, ndipo mayi wachizulu amene adakhala naye mpando umodzi adangomugwira dzanja mpaka m'tawuni.