Tepi Yomaliza ya ku Mphunzi

Madzulo amenewo tinaima pa Chimbiya kugula mbatatesi. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya ku Dedza inali itayamba kale kuluma makutu. Anyamata a chipani anatifunsa makadi, tinaonetsa, n'kupitirira. Tinkachokera kumpoto, ine ndi dalaivala wanga a Timoteyo, ndipo m'bokosi munali mutatsala tepi imodzi yokha. Tepi imeneyo ndinkaisunga ngati dzira. Inali ya a Damiano.

Dzina langa ndine Norbert. Zaka zimenezo ntchito yanga inali yoyenda m'midzi ndi makina ojambulira mawu, kutola nyimbo zoti zikaulutsidwe pa wailesi. Ndinajambula magulu ambiri, ena abwino, ena ongowononga batire. Koma gulu limene ndinkalikonda kuposa onse linali Kachewere Jazi Bandi ya ku Mphunzi.

A Damiano ndiwo anali mtsogoleri wake, ndiwonso ankaimba ng'oma. Ng'omazo anakhoma okha: yaikulu ya chikopa cha ng'ombe yomenya ndi chopondera, ziwiri zazing'ono za chikopa cha mbuzi, ndi waya wotungapo zitsekerero za mabotolo. Wopeka nyimbo anali iwo. Oimba akayambana, woyanjanitsa anali iwo. Koma pa wailesi munthuyu anali asanamvekepo n'kamodzi komwe.

Vuto linali maikolofoni. Ndinali nayo imodzi. Ndikaiika pafupi ndi ng'oma, kasingano ka makina kankathawira kofiira, banjo ndi mawu zonse n'kumira. Ndiye ulendo woyamba ng'omazo tinazifunditsa bulangeti. Ulendo wachiwiri tinawasendeza a Damiano mpaka pansi pa mtengo wa pichesi. Wachitatu anakaimbira kuseri kwa khola la nkhumba, bandi yawo akuitsogolera pokweza chipewa.

Pakamwa pa maikolofoni pankakhala a Bonifasi, woimba banjo, msuweni wawo. Amenewa kuwauza kuti asendere pang'ono kunali kutaya malovu. "Banjo ikasendera nyimbo yafa," ankatero. Ndipo chisuweni chawo chinalibe tchuthi.

"Iwe Damiano, dzulo ndakumva pa wailesi."

"Zoona?"

"Eya. Kapena zinali nkhumba zija."

A Damiano ankaseka mpaka misozi. Koma tsiku lina akundithandiza kunyamula batire kupita ku galimoto, anandionetsa manja awo. Zala zinali zitatupa ndi nyamakazi. Anati, "A Norbert, manjawa akutha. Ndisanaleke, ndidzimveko kamodzi kokha. Anthu akhulupirire kuti m'bandi muja ndinalimo." Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinalonjeza, ngakhale sindinkadziwa kuti a Bonifasi ndidzawasuntha bwanji. Kenako akuluakulu kuntchito anatiuza kuti maulendo a m'midzi akutha, chifukwa anthu tsopano akufuna magitala amagetsi a m'tauni. Ulendo uwu unali womaliza.

Titapatuka pamsewu waukulu, nkhungu inatsika. A Timoteyo ankayendetsa mphuno itagunda galasi. Tikuyandikira mudzi, nyali za galimoto zinaunika nthambi zaziwisi zogonekedwa pamsewu. Tonse tinavula zipewa. Mayi wina anali kudutsa atasenza nkhuni, ndipo ndinamufunsa kuti zovutazi zagwa kwa yani.

"Kwa a Bonifasi a banjo. Atisiya m'mawawu, ali kumunda."

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinasiya galimoto pasukulu, n'kupita kukapepesa. Pasiwa amayi ankaimba nyimbo za Chikatolika m'nyumba, amuna atazungulira moto panja. A Damiano anali atakhala paokha, manja ali m'khwapa. Atandiona anayesa kumwetulira.

"Mwabwera ndi makina?"

"Ndabwera nawo, bambo."

"Bwererani nawo. Bandi yagona m'nyumbamo."

Pamaliro ng'oma za jazi sizilira, ndipo mawa lake titaika maliro tinkayenera kubwerera ku Blantyre. Aphunzitsi aakulu anatitsegulira kalasi imodzi kuti tigonemo. A Timoteyo anasankha m'galimoto, ndipo posakhalitsa nkhonono zawo zinkamveka mpaka m'kalasimo. Ine tulo tinakana. Ndinagona pamabenchi awiri, nditafunda jekete, ndikumvera nyimbo za kusiwa zikubwera ndi mphepo.

Kenako kunamveka kugogoda.

Sikunali kugogoda kwa dzanja lonse. Kunali kwa zikhadabo, pang'onopang'ono, pamatabwa a chitseko.

"Ndani?"

Zii. Kenako mawu otsika, ngati a munthu woti wakulunga mpango kukamwa.

"A wailesi. Tengani makina."

Ndinatsegula. Nkhungu inali itadzaza bwalo lonse. Pafupi ndi mtengo wa mbendera panaima munthu wovala chikhoti chachitali, kolala itakwezedwa, atandifulatira. Ndinaganiza kuti ndi wachibale wochokera kusiwa.

"Kwagwanji, bambo?"

"Damiano ali kuphiri. Watenga ng'oma. Watenganso mpeni."

Mawu akuti mpeni ndi amene anandidzutsa. Sindinafunsenso. Ndinakoleka makina ndi batire lake paphewa, maikolofoni m'thumba, tochi m'manja. Ndinagogoda pagalasi la galimoto, koma a Timoteyo akagona ngakhale mutawakokera kudambo sadziwa. Nditacheuka, munthu uja anali atayamba kale kuyenda.

Tinadutsa m'minda ya mbatatesi. Mame ananyowetsa buluku langa mpaka m'mawondo. Makina ankalemera, lamba akudya phewa. Ndikafulumira, iye ankafulumira. Ndikaima kuti ndipume, iye ankaima, osacheuka. Tochi yanga inkangofika pamsana wa chikhoticho.

Njira inayamba kukwera. Nyimbo za kusiwa zinazilala kumbuyo. Ndipamene ndinazindikira kanthu kena. Ntchito yanga inali ya makutu, ndipo makutu anga ankamva nsapato zanga zikuponda timiyala, mpweya wanga, lamba wa makina akulira. Mapazi a mnzangayo sankamveka.

Ndinadziuza kuti mwina alibe nsapato. Anthu ambiri analibe.

Tinafika pamene njira imapita pakati pa miyala iwiri ikuluikulu. Munthu uja anaima. Anatsokomola kawiri, kachiwiriko mokweza kumapeto ngati akufunsa funso.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa kuposa cha bambo anga ondibereka. A Bonifasi asanayambe nyimbo iliyonse ankatsokomola choncho, pakamwa penipeni pa maikolofoni, ndipo ine ndinkakhala mu ofesi ndi lezala kuchidula pa tepi iliyonse. Ndinkachita kuwadandaulira, iwo n'kumati ndiye kiyi wa nyimbo.

Ndinafuna kuthawa, ndisaname. Koma kumbuyo kunali nkhungu yokhayokha, ndipo njira sindinkaidziwa. Ndinayamba Tikuoneni Maria, mawu n'kusokonekera pakati. Kenako ndinamva pakamwa panga pakulankhula pokha.

"A Bonifasi?"

Sanacheuke. Anangokweza dzanja n'kukodola, monga ankachitira pouza anyamata a bandi kuti alowe. Chodabwitsa n'chakuti mantha anachepako. Munthuyu ali moyo sanandichitirepo choipa, kupatula kundithera malezala. Ndinamutsatira.

Kutsogolo kunaoneka kuwala kofiira. Linali phanga losaya, mwala waukulu utaweramira kutsogolo ngati khonde, pakhoma pake pali zithunzi zofiira ndi zoyera zimene anajambula anthu akale. Pansi pake panali kamoto. A Damiano anali atakhala pamwala, ng'oma zawo zitawazungulira. Kang'oma kamodzi kanali katang'ambidwa kale, chikopa chili lende. Mpeni unali pa yaikulu ija.

"A Damiano!"

Anadzidzimuka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana makina.

"A Norbert? Kuno ndi kumene tinkaphunzirira ndi msuweni wanga tili anyamata. Palibe wina amadziwako. Wakulondolerani ndani?"

Ndinangoloza kumbuyo.

Munthu wa chikhoti uja sanalowe m'phangamo. Anali atakaima patali, pansi pa kamtengo, pamene kuwala kwa moto kunkathera. Ndinayeza ndi maso mtunda umenewo ndipo ndinauzindikira. Unali mtunda umene ndinkawaika a Damiano.

A Damiano anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Chimene anaona sindidziwa, ndipo sindinawafunsepo.

"Pamaliro ng'oma sizilira," anatero. Sankauza ine.

Kumdima kuja kunamveka kutsokomola kawiri.

A Damiano anaseka, misozi ikutsika m'masaya. "Wamakani iwe. Ngakhale lero?"

Anaika mpeni pansi. Anatembenuza ng'oma yaikulu kuti iyang'ane kumoto, n'kuyamba kuiwamba, chifukwa kuzizira kwa kumeneko kumalefula chikopa. Ankaisisita ndi chikhatho, kuigogoda ndi chala, kumvetsera, kuibwezeranso kumoto. Anawothanso manja awo otupawo. Ine ndinagwada n'kulumikiza mawaya. Maikolofoni ndinaiika pamwala, patsogolo penipeni pa ng'oma. Masiku onse tinkayamba ndi nyimbo yotamanda boma, koma usiku umenewo palibe anaikumbukira.

Ndinavala zomvera m'makutu, n'kukweza chala.

Anayamba motsitsa, chopondera chokha, ngati munthu akuyenda m'nyumba mogona mwana. Kenako kang'oma kotsala kaja kanalowa. Kenako zitsekerero za mabotolo zinayamba kuseka pawaya. Mwala uja unkabweza mawu onse mofewa, ndipo kasingano kanga kankavina pakatikati, osafika kofiira. Zaka zonsezo ndinali ndisanadziwe kuti munthuyu amaimba chonchi. Ng'omazo zinkacheza, kunyogodola, kudandaula, n'kubwereranso kukaseka.

Pakati pa nyimbo ndinamva banjo.

Inali kutali, yopyapyala ngati udzudzu. Ndinachotsa zomvera m'makutu zija: ng'oma zokha, ndi moto ukuthetheka. Ndinazibwezera: banjo. Inkatsatira ng'oma mwaulemu, osapitirira, osalimbirana nazo. Dzanja sindinalichotse pamakina. Tepi inazungulira mpaka kutha.

Nditakweza maso, kunja kunali kutayamba kuyera. Pansi pa kamtengo paja panalibe munthu.

Tikutsika phiri, ine ndi makina, iwo ndi ng'oma kumsana, tinakumana ndi adzukulu akupita kumanda ndi makasu. Anaima n'kutiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Dzuwa lisanakwere, mudzi wonse unali utadziwa kuti a Damiano athawa pasiwa pa msuweni wawo kukaimba jazi kuphiri ndi munthu wa wailesi. Akuluakulu a banja anakwiya, ndipo zinkaoneka kuti tikaika maliro pakhala mlandu.

Anauthetsa ndi a Rute, akazi a malemuwo. Anatuma mawu kuchokera m'nyumba ya siwa kuti akuluakuluwo asawavutitse a Damiano. Chifukwa chake sananene pagulu, koma amayi ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ankati chikhoti cha a Bonifasi chinali pamsomali kuchipinda chiyambire dzulo, ndipo pakhomo la chipindacho panagona anthu usiku wonse. M'mawa a Rute anachipeza pamsomali pomwepo, chili chonyowa ndi mame, m'munsi mwake muli chisoso chomata.

Nyimbo ija inadzaulutsidwa mwezi wotsatira, ndipo inalira pa wailesi zaka zambiri. Anthu ankalemba makalata kufunsa kuti woimba ng'omayo ndani, ndipo woulutsa ankatchula dzina lonse: a Damiano a ku Mphunzi, mtsogoleri wa Kachewere Jazi Bandi. Anzanga kuntchito ankati kabanjo kakumvekera kutaliko ndi mawu otsalira a nyimbo ina yakale pa tepiyo. Tepiyo inali yatsopano, ndinaimatula ndekha. Ndinangowasiya.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi masana a tsiku lomwelo, titachoka kumanda. A Timoteyo anali atalizitsa kale injini. A Damiano anabwera kuseri kwa galimoto, dothi la kumanda likadali kumapazi, n'kuima ngati mwana wopempha shuga.

"Ndingamveko?"

Ndinawaveka zomvera m'makutu, n'kuyatsa makina. Ng'oma itangoyamba, maso awo anatuluka. Anagwira mkono wanga.

"Ndine ameneyu?"

"Ndinu, bambo."

"Inetu ndimatha, eti?"

"Mumatha kwambiri."

Anamvetsera akugwedeza mutu, phazi likuponda chopondera chimene panalibe. Kenako phazi linaima. Ndinadziwa kuti afika pamene banjo imalowa. Anakanikiza zomverazo m'makutu ndi manja onse awiri, n'kuwerama.

"Sendera kuno, iwe," anatero motsitsa. "Sukumveka. Sendera, malo alipo."

Anandiyang'ana mondipempha. Ndinapotokola kabatani mpaka kumapeto. Ng'oma zinakula mpaka ine ndinkazimva ndili panja, koma banjo inakhala pomwe inali.

A Damiano anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Musiyeni, wakana," anatero. "Bwezani poyamba."

Ndinabweza. A Timoteyo anazimitsa injini, ndipo tinakhala pamenepo mpaka batire linatha.