Makina Opanda Lamba

Batani lija linaduka ali kuntchito, ndipo Wometa analiona ndi maso ake likugubuduzikira pansi pa mpando wa kasitomala. Analitola n'kuliponya m'thumba la malaya. M'mawa mwake malaya omwewo anawapeza pampando wa pabalaza, batani lili m'malo mwake, litasokedwa mokhotakhota ndi ulusi wakuda pa nsalu yoyera. M'nyumbamo wodziwa singano anali mmodzi yekha, mkazi wake, ndipo mkaziyo anali atagona kumanda miyezi ingapo.

Chichitikire maliro, Wometa anakhoma kachipinda kosokera, kiyi n'kumayenda naye. Lamba wa makina anamuchotsa n'kumubisa pansi pa matiresi. Za malemu m'nyumbamo sizinkakambidwa. Mwana wawo yekhayo, mtsikana wa sukulu amene mayi ake ankamutcha Kanjiwa, akangoyamba kuti "Amayi ankati...", bambo ake ankanyamuka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Usiku wotsatira ndi umene anamva. Agalu anali atatopa kuuwa, msewu uli zii, mdima wothina moti sankaona ngakhale chikhatho chake. Kenako kuseri kwa khoma kunamveka: tche... tche... tche. Sikunali kulira kwa makina kwa masiku aja, kothamanga ngati mvula pamalata. Uku kunali kwapang'onopang'ono, singano kutsika, kupuma, kukweranso, ngati wosokayo alibe mphamvu m'miyendo. Wometa anapisa dzanja pansi pa matiresi. Lamba analipo, wozizira. Bambo wamkulu, ndevu pepeya, anafunda bulangeti mpaka kumutu, thukuta lili kamukamu.

Kutacha, diresi la sukulu la Kanjiwa, lomwe linang'ambika m'khwapa, linali litasokedwa. Sanamufunse mwanayo kanthu. Afunse bwanji, n'kumupatsiranso mantha?

Zinapitirira choncho, usiku wina inde, wina ayi. Tulo tinathawa. Maso anafiira, mpaka tsiku lina anameta nsidze ya mphunzitsi wina amene anangobwera kudzachepetsa tsitsi. Mphekesera sizichedwa. Ena ankati wayamba mowa, ena ankanong'ona kuti mkazi uja sanapite bwino. Ndiye anatulukira mlamu wake, mkulu wa malemu, amayi aakulu a Kanjiwa, chikwama chili m'khwapa, osafuna n'kukhala pansi komwe.

"Alamu, anthu akunena," anatero motsitsa mawu. "Mwezi uno ukatha muli chonchi, mwanayu ndimutenga akakhale kwathu. Sangaleredwe ndi munthu amene mutu wazungulira."

Mawu amenewa anamulasa kuposa makina aja. Mkazi anapita, mwananso apite? Atsale ndi chiyani?

Amene anamulozera njira ndi dalaivala wina, kasitomala wakalekale. "Pamwamba pa sitolo ya mankhwala paja pali mlangizi wa za maganizo, amagwira ntchito payekha. Ine nditachita ngozi ndinkaopa chiwongolero, anandithandiza ndi iyeyo. Pitani achimwene, saluma."

Wometa anakwera masitepe akuyembekezera jakisoni ndi azibambo amphamvu ovala zoyera. Anapeza mipando iwiri, kapu ya madzi, kabokosi ka mapepala opukutira misozi, ndi mayi wa magalasi amene anamupatsa moni ngati akudziwana.

"Lero ndi longodziwana, bambo," anatero Mlangiziyo. "Muone ngati mungamasuke nane. Ngati ayi, ndikulozerani kwa wina, palibe mlandu. Zimene munene zitsala m'chipinda muno, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pachiswe. Mankhwala sindipereka. Ine ntchito yanga ndi makutu, ndi mafunso pang'ono."

Wometa anayang'ana kukhomo, kenako anakhuthula zonse monong'ona: batani, diresi, lamba, mlamu. Pomaliza anafunsa, "Mundiuze zoona, mayi. Ndapenga?"

"Munthu wosagona amamva zambiri. Koma batani lija munaligwira ndi dzanja, si choncho? Tiyambire pamenepo. Makina akalira, mumatani?"

"Ndimafunda."

Mayiyo sanaseke, ndipo chifukwa cha icho chokha Wometa anavomera kudzabweranso sabata yamawa. Koma kunena zoona anatsika masitepe atakhumudwa. Ankayesa apatsidwa yankho lonyamula m'manja. Usiku womwewo makina analiranso, tche... tche..., ngati akumunyogodola.

Ulendo wachiwiri anakamba za mkazi wake koyamba chimwalirire: mmene ankalumira ulusi ndi mano, mmene ankamukalipira akasiya tsitsi la anthu pakolala ya malaya. Analira, bambo wonse uja, mpaka kabokosi kaja kanapepuka. Mlangizi sanamutonthoze ndi mawu ambiri, anangomusiya alire. Ulendo wachitatu ndi pamene anamufunsa funso lija.

"M'nyumba mwanumo, anaferedwa ndi ndani?"

"Ndine."

Mlangizi anafunsanso kuti, "Inu nokha?"

Funsolo anapita nalo kunyumba, anadya nalo, anagona nalo. Pakati pa usiku, makina atayamba, Wometa anakankha bulangeti. Simenti inali yozizira kumapazi. Anayenda chogwira khoma. Pansi pa chitseko cha kachipinda kaja pankatuluka kakuwala kofooka. Anatulutsa kiyi wake, koma asanamulowetse, chitseko chinangotseguka chokha atachikhudza.

Pa makina panakhala munthu, atatembenuzira msana kukhomo, atavala juzi yobiriwira ya malemu. Fungo la mafuta odzola a malemu linali tho m'chipindamo. Wometa anafuna kukuwa, mawu osatuluka.

Munthuyo anacheuka. Anali Kanjiwa, tochi ataluma pakamwa, dzanja lamanja lili pa gudumu la makina. Popeza lamba panalibe, ankalizunguza ndi dzanja, msoko umodziumodzi. Pansi pa singano panali buluku la bambo ake. Tochi inagwa.

"Adadi, musandikalipire," ananong'ona. "Kiyi wina anali m'chikwama cha amayi."

"Iwe! Usiku wonsewu? Chifukwa chiyani?"

"Tsiku la maliro ndinamva amayi aakulu akunena kuti akangotiona tikuyenda zong'ambika, anditenga. Ine sindikufuna kupita." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Komanso muno mumanunkhira amayi. Masana inu simufuna."

Wometa anakhala pansi pomwepo, msana pachitseko. Mpweya umene anatulutsa unali wa miyezi yonse ija. Sanapenge! Mkazi wake akugona mumtendere, ndipo mzukwa wake wonse ndi kamwana aka, ka miyendo yosafika bwino pansi. Koma atayang'ana ulusi mmene unadutsira m'makinamo, tsitsi linamuimanso.

"Nanga kulowetsa ulusi chonchi, wakuphunzitsa ndani?"

"Amayi."

"Li... liti?"

Kanjiwa anamuyang'ana, kenako anaseka misozi ili m'masaya. "Aa, adadi inunso! Kalekale, ali moyo. Inu munkakhala muli kometa."

Anaseka naye mpaka nthiti kuwawa, anthu awiri pakati pa usiku. Atatha, anapita kuchipinda, anatukula matiresi, nabwera ndi lamba uja. Anamukoleka m'malo mwake, mwana akumuunikira ndi tochi.

"Kuyambira mawa uzisoka masana, chitseko chili chotsegula. Ndipo undiuze zonse zimene amayi ako ankanena. Amayi ako aakulu akabwera, atipeza tonse."

Sabata yotsatira Mlangizi anamva mapazi a anthu awiri pa masitepe. Wometa anasuzumira pakhomo, maso oyera, atagwira dzanja la mtsikana wovala juzi yobiriwira yomufika m'mawondo.

"Mayi, mzukwa uja ndabwera nawo," anatero. "Muli ndi mpando wina?"