Malovu a ku Labu

Tithokoze anakumana ndi Ramsey pa siteji ya minibasi ku Chilomoni, mvula ikuwaza. Mnyamatayo anamufunditsa ambulera. Koma pakamwa pake, abale, shuga weniweni!

"Kodi ngelo ngati inu imagwira ntchito kuti?"

"Ku labu," anayankha akuseka.

Chibwenzi chitapsa, Tithokoze anamufotokozera ntchito yake. "Timatenga kamkombero ka DNA kotchedwa pulazimidi, n'kukalowetsa m'maselo a nyama amene timasunga m'mabotolo. Maselowo amayamba kupanga puloteni yopezeka m'malovu a munthu. Tikufufuza mmene imaphera tizilombo ta m'kamwa."

"Ndiye mumapanga malovu popanda munthu?"

"Puloteni yokha, iwe!"

Ramsey anaseka mpaka misozi. M'mawa uliwonse meseji inkalowa: "Dokotala wa mtima wanga, popanda iwe ndine maliro oyenda." Mtsikana wanji sakanakomedwa?

Lamlungu lina masana, mwala unagwa padenga, phoo! Amake Asia, eni nyumba imene Tithokoze ankachita lendi, analowa akuthamanga n'kukhoma chitseko.

"Mwana wanga, usatuluke! Akuti umatolera malovu a amuna a eni n'kumawakhwimira ku labuko. Ndaimbira apolisi."

Tithokoze ankadziwa bwino zimene gulu la anthu limachita mphekesera zotere zikabuka. Ndani angamvetsere za maselo atanyamula mwala?

"Atuluke wa sataniki ameneyo!" anthu ankakuwa panja.

Analembera Ramsey meseji: "Bebi, bwera msanga, andipha!" Sanayankhidwe. Ataimba, anamva foni ikulira panja pomwepo, pafupi ndi windo.

Anasuzumira pakatani. Ramsey anali pakati pa gululo, mutu atazolika. Mayi wina wobereka khanda anali atamugwira kolala.

"Uyo ndi Sophie," ananong'ona amake Asia. "Mkazi wake wa ku Chemusa. Ukwati wa kutchalitchi."

Mkazi wake? Tithokoze anasuzumiranso.

"Nenani pamaso pa anthu zimene munandiuza nditapeza mameseji aja!" Sophie anakuwa. "Nenani, bambo a Gregorio!"

Ramsey anameza malovu. Sanayang'ane kuwindo.

"Anandidyetsa," anatero. "Amapanga malovu a anthu m'mabotolo, anandiuza yekha. Ine mutu sumagwira, sindimadziwa chimene ndimachita."

Gulu linabangula. Galasi la windo linasweka, wina n'kuyamba kufunsa za petulo. Tithokoze anakhala pansi kuseri kwa bedi. Amake Asia anatsamira chitseko ndi msana, korona ili m'manja.

"Muyambe mwawotcha ine!" anakalipa.

Apolisi atafika anatulutsa Tithokoze atamufunditsa chitenje kumutu ngati wakuba. Anthu ankamulavulira, ana akuthamangira galimoto. Nyumba ija, mpingo wake, msika umene ankagulako tomato, zonse anadziwa kuti wazisiya.

Galimoto ikutsetsereka kulowera m'tauni, foni inanjenjemera m'manja mwake.

"Pepa bebi wanga, ndinasowa pothawira. Madamu akanandipitikitsa. Zikazizira tionana eti? Ndimakukonda."

Wapolisi wamkazi amene anakhala pambali pake anaona misozi ikugwera pafoni.

"Ndi achibale, chemwali? Auzeni abwere adzakutengeni."

Tithokoze anapukusa mutu.

"Ayi, amayi. Ndi amene anabweretsa anthu aja."