Sopo Wopanda Thovu

Tione ankakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Abambo ake, a Malizani, anali akhukhi kunyumba ya alendo. Kumeneko ankaphika makaroni a tchizi. Tione ankangomva fungo pa malaya awo. Iye anali asanalawepo. Ankalakalaka kulawa, ngakhale supuni imodzi yokha.

Tsiku lina abambo anapita ku Limbe. Anabwerako ndi paketi ya makaroni. Anabweranso ndi chidutswa cha tchizi, chakudya chopangidwa ndi mkaka. Chinali chachikasu. Chinali cholimba. Chinali chimodzi chokha.

Tione anafunsa kumene chakudya chimenechi chinachokera. Abambo anati chinayambira kutali, ku Italy. Kenako anthu a ku England anachiphunzira. Azungu obzala tiyi anabwera nacho ku Thyolo. Agogo a Tione, amene anachokera ku Mozambique wapansi, anachiphunzira m'khitchini mwa bwana. Anachiphika mpaka kukalamba. Koma kunyumba kwawo sichinafikeko.

"Mawa chifika," anatero abambo. "Chayenda ulendo wautali. Kwangotsala kulowa pakhomo pathu."

Kutacha, abambo anapatsa Tione tchizi chija. Anamuuza kuti achisunge pozizira. Kenako anapita kuntchito. Amayi nawo anaberekera dengu, napita kukathyola tiyi.

Tione anafuna kununkhiza pang'ono chabe. Anang'amba kapepala pang'ono chabe. Koma pepala lonse linang'ambika. Tione anaika tchizi pa kambale. Anaika kambaleko kuseri kwa mtsuko wa madzi. Pamenepo panali pozizira bwino. Koma ndi pamenenso amayi ankasungira sopo. Tione anaiwala zimenezo. Anatenga chigubu, napita kukatenga mkaka kwa a Goodson oweta ng'ombe.

Pakhomo panatsala azakhali Alesi. Anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Thekerani. Azakhali sankakonda kukhala manja lende. Sankakondanso mwana wokuwa. Ankati mwana salankhula ndi akulu ali chiimire. Mwana amayandikira, amagwada, kenako amalankhula.

Tione anabwerako ndi mkaka. Anasuzumira kuseri kwa mtsuko. Kambale kanalipo. Tchizi panalibe.

Anayang'ana pa alumali. Panalibe. Anayang'ana pansi pa tebulo. Panalibe. Kenako anaona kuti beseni palibe. Zovala zakuda palibe. Azakhali nawonso palibe. Koma sopo weniweni anali pansi, atagwera pakona.

Tione anazindikira zimene zinachitika. Azakhali anali asanaonepo tchizi. Anachitenga poyesa ndi sopo. Anapita nacho kumtsinje.

Tione anatola sopo uja. Anatuluka liwiro.

Kunja kunali nkhungu. Njira inali yonyowa. Dothi lofiira linali loterera. Tione anathamanga pakati pa mizere ya tiyi. Masamba onyowa anamukwapula m'manja. Iye anathamangabe.

Anthu othyola tiyi anadzutsa mitu. Amayi ake anamuona. Anamufunsa kumene akupita. Tione anangoloza kumtsinje. Mpweya wolankhulira analibe.

Pa mtsetse anaterereka. Anagwa chagada. Patapata wake anaduka. Tione anamusiya pomwepo. Koma sopo sanamutaye. Anadzuka, nathamanga wopanda nsapato.

Atafika pa mitengo ya bulugamu, anaona mtsinje m'munsi. Anaonanso azakhali. Anali atawerama pa mwala wochapira. Malaya a abambo anali pamwalapo. Chinthu chachikasu chinali m'dzanja lawo.

Azakhali anakhula pa malaya. Anayang'ana. Thovu panalibe. Anaviika m'madzi. Anakhulanso. Thovu panalibebe.

Tione anatsegula pakamwa kuti akuwe. Kenako anatseka. Kukuwira azakhali patali? Akanangomupatsa msana. Ndipo madzi ankasokosa pa miyala. Tione anatsetsereka.

Atayandikira, anamva azakhali akung'ung'udza. Ankati sopo wa ku Limbe ndi wachabechabe. Ankati achimwene awo anapusitsidwa masanasana. Kenako anatukula dzanja m'mwamba. Anafuna kumuponya m'madzi akuya.

Tione anagwada m'matope, thi! Anatambasula manja onse awiri. M'manjamo munali sopo weniweni.

"Pepani azakhali," anatero akupumira m'mwamba. "Sopo ndi uyu. Icho ndi chakudya."

Dzanja la azakhali linaima m'mwamba. Madzi anali kudontha pa chigongono chawo. Anayang'ana Tione. Anayang'ana sopo. Anayang'ana chinthu chachikasu chija. Tione sanaphethire.

Pang'onopang'ono dzanja linatsika. Azakhali ananunkhiza. Anakwinya mphuno.

"Chakudya? Chonunkha sokosi chonchi?"

Tione anavomera ndi mutu. Azakhali anachipereka. Tione anachilandira ndi manja awiri. Anachikulunga m'tsamba la nthochi. Koma mantha sanathe. Tchizi chinali chonyowa. Mbali imodzi inali itaperepeseka. Chinali ndi timaulusi ta malaya. Kodi chikanadyekanso?

Tione anathandiza azakhali kuchapa. Sopo weniweni anachita thovu lambiri. Pobwerera anatola patapata wake.

Dzuwa litapendeka, abambo anaweruka. Tione anagwada, nawapatsa tsamba la nthochi. Anafotokoza za pepala long'ambika. Anafotokoza za mtsuko. Anafotokoza za mtsinje. Azakhali anangoti kukamwa gwire.

Abambo anamasula tsamba. Anatembenuza tchizi uku. Anachitembenuza uko. Amayi anasiya kupeta, nayang'ana. Tione anamva misozi ikubwera.

Abambo anatenga mpeni. Anasenda mbali imodzi. Anasenda mbali ina. Anasenda mbali zonse. M'kati munali moyera bwino. M'kati munali mouma.

"Chachepa," anatero abambo. "Koma chikwana. Tione mwanangu, bweretsa mkaka uja."

Tione anapuma. Anathamangira chigubu.

Abambo anawiritsa makaroni. Anatenthetsa mkaka ndi ufa watirigu pang'ono. Tione anadula tchizi tizidutswatizidutswa. Tonse tinasungunuka mu mkaka. Abambo anasakaniza ndi makaroni. Uvuni panyumbapo panalibe. Choncho anaika makala pamwamba pa chivundikiro, monga amachitira amayi pophika chigumu.

Fungo linadzaza m'nyumba. Linali fungo lomwe lija la pa malaya a abambo. Koma lero linali kuchokera mu poto wawo.

Onse anakhala pa mkeka. Azakhali anakana. Anati iwo sadya zochapira. Anati angodya nandolo wawo wa ku Thekerani. Amayi anawaikirabe pang'ono pambali.

Tione anatapa ndi supuni. Tchizi chinatamuka ngati ulusi. Anaika m'kamwa. Anatsinzina. Zinali zofewa. Zinali zotentha. Pamwamba pake panali pokukutika. Abambo anamuyang'ana, namwetulira.

Azakhali anasuzumira m'mbale mwawo. Anatola kamodzi. Anatafuna. Anatolanso kena. Kenako mbale inayera.

"Achimwene," anatero azakhali, "sopo wanuyu kuchapa satha. Koma tandionjezerani."

Onse anaseka. Abambo anaseka mpaka kutsokomola.

Tione anakomba mbale ndi chala. Kenako anachita mantha, nayang'ana azakhali. Koma azakhali sanamukalipire. Nawonso anali kukomba yawo.