Sefa Yoyankha Kuti Mwina

Chodabwitsa chinayamba ndi yankho lomwe linasintha lokha, popanda munthu wolikhudza.

Injiniya, monga onse ankamutchulira pa kampani yokonza mapulogalamu osungitsira zipinda m'malo ogona alendo, anapatsidwa ntchito yoyesa kapulogalamu kena kaulere ka pa intaneti, komwe aliyense amaloledwa kuona m'kati mwake. Mu ofesimo ankangoti sefa. Ukaithira manambala a foni a alendo onse, siisunga manambalawo, imangosunga tizizindikiro take. Kenako ukaifunsa za nambala ina, ili ndi mayankho awiri okha. Ikati "palibe", ndiye kuti palibedi, pamenepo siinama. Ikati "mwina alipo" mpamene pamafunika kusamala, chifukwa nthawi zina imaloza munthu yemwe sanapondeko. Ntchito ya Injiniya inali kuona ngati imaphonya kawirikawiri.

Koma mkuluyu anali ndi matenda ake, ndipo matendawo anali nsanje. Mkazi wake anali namwino, ndipo mwezi umenewo ankagwira usiku, n'kumabwera m'mawa pa ambulansi yoyendetsedwa ndi dalaivala wa kuchipatalako, bambo wina woseka mokweza yemwe Injiniya ankadana naye popanda mlandu uliwonse.

Tsiku lina anzake ataweruka, iye anatsalira. Mdima utayamba kulowa m'mawindo, anayang'ana kukhomo ngati wakuba, n'kulemba nambala ya mkazi wake. Sefa inati, "Palibe." Analembanso ya dalaivala uja, yomwe anaiba m'foni ya mkaziyo akusamba. "Palibe." Anachita manyazi, nazimitsa kompyuta.

Nsanje siikhuta. Madzulo a tsiku lotsatira magetsi anali atazima, batire ya pansi pa desiki ikulira pang'onopang'ono, mu ofesi monse muli bii kupatula kuwala kwa sikirini komwe kankamuyeretsa zala. Analembanso nambala ya mkazi wake, akudziuza kuti akungoyesa ntchito. Kafani koziziritsa kompyuta kanapuma mozama, ndipo mawu anatuluka: "Mwina alipo." Ya dalaivala nayo, "Mwina alipo." Palibe mlendo watsopano yemwe anathiridwa m'sefamo tsiku limenelo, iye ankadziwa bwino, pakuti wothira anali iye yemwe. Anaganiza kuti mwina sefayo ikudzitengera yokha alendo a usiku wathawo. Kuphonya imaphonya, inde, koma kuphonya pa anthu awiri omwewo, tsiku limodzi?

"Chikomekome cha mkuyu," anang'ung'udza, "m'kati muli nyerere."

Pofuna kudzikhazika mtima pansi, analemba nambala ya malemu bambo ake, yomwe anali asanaifufute m'foni chimwalirire mkuluyo. Sefa inati palibe, ndipo zimenezi zinangomutsimikizira kuti chinthucho chili bwinobwino.

Potuluka anakumana ndi mlonda pamasitepe, atanyamula tochi yofooka.

"Bwana," mlondayo ananong'ona, "muno mukachoka mumamveka ngati wina akutayipa. Oyeretsa akuti mpando wanu amaupeza wofunda m'mawa."

"Ndi makoswe amenewo, madala."

"Kaya. Koma khoswe wokhala pampando ine sindinamuonepo."

Usiku wotsatira mphepo inkagwedeza chitseko cha kuchimbudzi, chikumenya khoma mwa apo ndi apo. Injiniya anakhala nthawi yaitali osakhudza kanthu, akumvetsera. Kenako, osadziwa chomwe chamutuma, analemba nambala ya bambo ake aja. Sikirini inaphethira.

"Mwina alipo."

Thupi lonse linachita tsemwe. Anamva ngati kumbuyo kwake, pakati pa mipando yopanda anthu, paima munthu wamtali akupuma mwamphamvu monga ankachitira malemuwo akakwiya. Sanacheuke. Anatola chikwama, natsika masitepe awiriawiri.

Munthu wanzeru akanati sefayo yapenga, popeza akufa sachita lendi zipinda. Koma nsanje imasankha zoti imve. Iye anati mzimu wa bambo ake walowamo dala, kudzamuonetsa kuti m'nyumba mwake muli manyazi.

M'mawa mkazi wake atangotsika pa ambulansi, maso ali psuu ndi tulo, anamupeza ataima pakhomo.

"Mwagona chipinda nambala chani?"

"Mukuti chani, bambo a mwana?"

"Musandipusitse! Inu ndi woseka ngati fisi uja. Umboni ndili nawo, makina sanama."

Injiniya anakuwa mpaka aneba anasiya kusesa. Mkaziyo sanalire. Anavula nsapato zake zoyera, nalowa m'nyumba, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atapita kwa mkulu wake, mwana kumbuyo.

Ku ofesi, mnzake wina wamkazi yemwe ankamutcha Tsabola chifukwa cha pakamwa pake anali akuwerenga zomwe Injiniya analemba poyesa sefayo. Anaseka mpaka kugwira desiki.

"Achimwene, kabokosi kanu kofunsira aka munangokopera pa chitsanzo cha eni ake a sefayi, eti? Pali njira ziwiritu. Ina imangofunsa. Iyi mwaikayi imafunsa, ikatha n'kuithiramo nambalayo. Ukafunsa kamodzi ikuuza zoona, ukabwereza ikupeza chomwe unaikamo wekha." Anapukusa mutu. "Ndipo cholowa m'sefa imeneyi sichituluka, pokhapokha muiphwasule yonse. Mwatani kodi, mukudwala?"

Injiniya anazindikira kuti mkazi wake, dalaivala, ngakhale bambo ake omwe ali m'manda, onse anawalowetsa m'nyumba ya alendo ndi zala zake.

Madzulo anapita kwa mlamu wake, nagogoda mofatsa ngati mlendo. Mkazi wake anatsegula theka la chitseko, ali kale m'yunifolomu. Iye anafotokoza zonse, za njira ziwiri, za chitsanzo chomwe anakopera, mawu akuthamangitsana. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukuti ikati palibe siinama?"

"Siinama, mayi a mwana. Ndikulumbira."

"Nanga tsiku loyamba inati chani za ine?"

"Inati palibe."

Kumsewu ambulansi inaimba hutala kawiri.

"Ndiye munafunsiranji kachiwiri?"

Mkaziyo anamudutsa pakhomopo osamukhudza, napita kukakwera.